Mwana akaleka kukula ku Cosmo City

Sukulu za ku South Africa zimatsegulira chaka mu Januwale, ndipo m'mwezi umenewu ndi mmene makolo ena amaona koyamba chimene maso awo anachizolowera kunyumba. Ana a zaka zofanana akaima pamzere, mmodzi amapezeka kuti mutu wake ukulekeza m'mapewa mwa anzake. Yunifomu yaing'ono kuposa zonse m'sitolo ikumukulira. Anzake sachedwa kumupatsa dzina, ndipo pakati pa Amalawi dzinalo silisowa: kafula, kapena mwandionerapati. Akuluakulu amangoti watengera kuchimuna, kapena kuti adzapyoza akadzatha msinkhu. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Koma alipo ana ochepa amene mawu otonthoza amenewa amawatayitsa zaka zimene sizidzabweranso.

Cosmo City ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 25 kumpoto chakumadzulo kwa pakati pa mzinda wa Johannesburg, m'mbali mwa msewu wa Malibongwe wopita cha ku bwalo la ndege la Lanseria. Mabanja oyamba analowa m'nyumba za kumeneku kumapeto kwa 2005, ambiri a iwo atasamutsidwa m'zisakasa za ku Zevenfontein ndi River Bend. Cholinga chinali chakuti osauka olandira nyumba zaulere za RDP, ogula pangongole ndi opeza bwino akhale m'dera limodzi la nyumba zoposa 12,000. Chimene sichinalembedwe pamapulani ndi tizipinda ta lendi timene tinamera kuseri kwa nyumba zambiri. M'tizipinda timeneti ndi mmene mumakhala obwera ochuluka ochokera ku Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi, amene amagwira ntchito za m'nyumba, zosamalira maluwa, zomanga, zosoka ndi za ulonda m'madera olemera oyandikana nawo monga Fourways ndi Randburg.

Mwana wa m'banja lotere amakulira pawiri. Amabadwira ku Joni, akasiya kuyamwa amatumizidwa kwa agogo ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay, n'kudzabweranso nthawi ya sukulu ikakwana. Ku South Africa analandira kabuku ka Road to Health; ku Malawi anamugulira buku la kuchipatala lopita nalo kusikelo. Limodzi linatsala m'sutikesi, linalo linadyedwa ndi chiswe kumudzi. Ndipo dzina lakuti sikelo likuulula lokha chimene chimayezedwa mokhulupirika, ndicho kulemera. Msinkhu umayezedwa mwa apo ndi apo, ndipo katemera akatha amayi ambiri amaleka kupitako. Kotero tsiku limene dokotala adzafunse funso lofunika kuposa onse, lakuti mwanayu chaka chatha anali wotalika bwanji, sipapezeka woyankha.

Kufunika kwa funsoli kukuchokera pa kachiwalo kena kakang'ono ngati njere ya nandolo, kolemera pafupifupi theka la galamu, kamene kali pansi pa ubongo, m'kadzenje ka fupa chakumbuyo kwa mphuno. Madokotala amakatcha pituitary. Ntchito yake ndi kutulutsa mahomoni, timadzi toyenda m'magazi kukapereka malamulo ku ziwalo zina, monga mfumu yaikulu imene siilowa m'munda wa munthu koma imatuma anyakwawa. Homoni ina imalamula chithokomiro. Ina imadzutsa tiziwalo ta pamwamba pa impso kuti titulutse cortisol, imene imachirikiza thupi pa nthawi ya matenda ndi zovuta. Awiri ena amayang'anira kutha msinkhu ndi kubereka, pamene prolactin imabweretsa mkaka m'mawere. Kumbuyo kwa kachiwaloka kumatuluka vasopressin, yoletsa impso kutaya madzi ambiri, ndi oxytocin, imene azamba amaidziwa bwino popeza amabaya nayo mayi akangochira kuti asataye magazi ochuluka.

Yochuluka kuposa onsewa ndi homoni yokulitsa thupi. Imeneyi siituluka mosalekeza ngati madzi a pampopi. Imatuluka mwa kanthawi, makamaka mwana akagona tulo tofa nato. Ikafika kuchiwindi, chiwindicho chimapanga homoni ina yotchedwa IGF-1, ndipo ziwirizi zimakagwira ntchito kumapeto kwa mafupa aatali a miyendo ndi mikono, pamene pali kachigawo kofewa komwe fupa limatalikira. Kachigawo kameneka sikakhalitsa. Mwana akatha msinkhu kamauma n'kusanduka fupa lolimba, kwa atsikana cha m'zaka 14 mpaka 16, kwa anyamata cha m'zaka 16 mpaka 18. Kakatero, palibe jakisoni, piritsi, chakudya kapena muzu wa mtengo umene ungawonjezere munthu ngakhale sentimita imodzi. Pa nkhani ya msinkhu, mawu akuti m'mera mpoyamba sali mwambi chabe.

Mwana amabadwa ali ndi masentimita 50 kapena kuyandikira apo. Chaka choyamba amawonjezera pafupifupi 25, chachiwiri pafupifupi 12, ndipo pofika zaka zinayi amakhala atayandikira mita imodzi. Kuchokera pamenepo mpaka kutha msinkhu amakula masentimita 5 kapena 6 pachaka. Amene akulephera kufika masentimita 4 pachaka ayenera kuonedwa ndi dokotala. Apa ndi pamene pamasiyana mwana wamfupi mwa mtundu ndi mwana wodwala. Wa mtundu amakula pa liwiro loyenera, kungoti mzere wake pa tchati uli m'munsi ndipo umayenda m'munsi momwemo. Wosowa homoni amatsalira chaka ndi chaka. Mng'ono wake amamupeza n'kumupitirira. Muyezo umodzi sungaulule zimenezi. Pamafunika iwiri, yotalikirana miyezi 6 kapena chaka, woyezedwayo atavula nsapato, zidendene ndi mutu zitagunda khoma.

Komabe m'pofunika kusamala kuti nkhani ya mahomoni isaphimbe nkhani yaikulu. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2016 anapeza kuti ana 27 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ku South Africa anali opinimbira. Wa ku Malawi wa mu 2015 ndi 2016 anapeza 37 pa 100 alionse. Kusowa kwa homoni yokulitsa thupi kumagwira mwana mmodzi pa ana 4,000 mpaka 10,000, kutanthauza kuti m'sukulu ya ana 1,000 n'kutheka kusapezeka ndi mmodzi yemwe. Ana ambiri aafupi afupikitsidwa ndi phala lopanda nsinjiro, kutsegula m'mimba kobwerezabwereza, njoka za m'mimba, malungo, TB kapena HIV yosalandirira mankhwala, makamaka m'masiku 1,000 oyamba kuchokera pamene mayi anaima. Chodabwitsa n'chakuti mwana wanjala amakhala nayo kale homoniyi yochuluka m'magazi, koma chiwindi sichiimvera. Kumubaya ina kuli ngati kukalipira mmisiri kuti amange msanga pamene njerwa palibe.

Mwana wosowa homoni amaoneka mosiyana ndi wonyentchera. Kawirikawiri amabadwa ndi sikelo yabwino. Amakhala wonenepa pang'ono chapamimba, nkhope yake imakhala ya khanda kuyerekeza ndi zaka zake, mano amachedwa kumera ndi kuguluka, mawu amakhala aang'ono. Miyendo, mikono ndi thunthu zimakhala zolingana, ndipo nzeru zake zimakhala bwinobwino. Ena amabadwa ndi pituitary yosakhwima. Ena imawonongeka ndi chotupa cha m'mutu, ngozi ya pamsewu, matenda oumitsa khosi kapena chithandizo cha khansa chowotcha ndi cheza. Kwa ambiri chifukwa chake sichipezeka n'komwe. Mwana amene waleka kukula, akudandaula mutu m'mawa, akusanza, sakuona bwino kapena akumwa madzi ndi kukodza mopyola muyezo, ameneyo sayenera kudikira miyezi 6 yoyezera msinkhu, chifukwa zimenezi zikhoza kukhala zizindikiro za chotupa.

Njira ya banja la ku Cosmo City imayambira ku kiliniki ya boma ya m'deralo kapena ya Witkoppen ku Fourways, n'kulandira kalata yopita ku chipatala cha amayi ndi ana cha Rahima Moosa ku Coronationville, ndipo ngati m'pofunika, ku Charlotte Maxeke ku Parktown kapena ku Chris Hani Baragwanath ku Soweto, kumene kuli madokotala a ana odziwa za mahomoni. Asanaganize za pituitary, iwo amayamba achotsa zina: kuchepa kwa magazi, matenda a impso ndi mtima, chithokomiro chofooka, chimene mankhwala ake ndi kapiritsi kotchipa ka levothyroxine, ndiponso kwa atsikana chibadwa chotchedwa Turner, chimene chimapezeka mwa mtsikana mmodzi pa 2,500 alionse kapena kuyandikira apo. Amajambula dzanja lamanzere pa X-ray kuti aone zaka za mafupa. Mwana wa zaka 9 akhoza kukhala ndi mafupa a zaka 6, ndipo imeneyi imakhala nkhani yabwino pang'ono popeza nthawi ikadalipo. Kutenga magazi kamodzi n'kuyeza homoni sikuthandiza, pakuti masana ngakhale mwana wathanzi imakhala yochepa. Amachita kumupatsa mankhwala oputa pituitary, monga clonidine kapena glucagon, n'kumatenga magazi kangapo kwa maola angapo. Ikapanda kuyankha, amajambula ubongo pa makina a MRI.

Mankhwala ake ali ndi mbiri yowawa. Insulin ya ng'ombe ndi nkhumba inapulumutsa odwala shuga kwa zaka zambiri, koma homoni yokulitsa thupi ya nyama zimenezi siigwira ntchito mwa munthu. Mu 1958 dokotala wa ku Boston, Maurice Raben, analengeza kuti wakulitsa mnyamata pomubaya homoni yotengedwa m'mitembo ya anthu. Kuyambira pamenepo mayiko olemera anayamba kutolera tiziwalo timeneti m'nyumba zachisoni, ndipo ku America kokha ana pafupifupi 7,700 analandira homoni yotere pakati pa 1963 ndi 1985. Inali yosowa kwambiri, mwakuti madokotala ankachita kusankha woti alandire. Mu 1985 zinadziwika kuti achinyamata ena amene anabayidwa ali ana akumwalira ndi nthenda yowononga ubongo ya Creutzfeldt-Jakob, imene inadzera m'mitembo ija. Ntchitoyo inaimitsidwa, koma anthu oposa 200 padziko lonse anadzafa nayo, pafupifupi theka la iwo a ku France. Chaka chomwecho boma la America linavomereza homoni yopangidwa ndi kampani ya Genentech pogwiritsa ntchito mabakiteriya amene anawaika malangizo a chibadwa cha munthu. Homoni ya masiku ano, yotchedwa somatropin, imapangidwa m'fakitale mwa njira yotereyi, ndipo siikhudzana ndi mtembo.

Wolandira chithandizochi wodziwika kuposa onse ndi Lionel Messi. Anamupeza ndi vutoli ali ndi zaka pafupifupi 10 kwawo ku Rosario, m'dziko la Argentina, ndipo ankadzibaya yekha m'miyendo usiku uliwonse. Banja lake litalemedwa ndi mtengo wa mankhwala, timu ya Barcelona inamutenga mu 2000 ali ndi zaka 13 n'kuvomera kumulipirira. Anakula kufika mamita 1.70. Okonda mpira amaikamba nkhaniyi ngati yosangalatsa, koma ili ndi mbali ina yosautsa: mwanayo anapitiriza kulandira mankhwala chifukwa cha luso la phazi lake lamanzere. Mwana wa mlonda wa ku Cosmo City alibe timu yomugula.

Kabayidwe kake sikovuta. Ndi kasingano kakang'ono kolowa pansi pa khungu, pantchafu kapena pamimba, madzulo aliwonse, ndipo makolo amaphunzitsidwa kubaya okha. M'chaka choyamba mwana amene ankakula masentimita 3 akhoza kukula 8 mpaka 12. Mayiko ena avomereza mitundu yobaya ana kamodzi pasabata. Dokotala amamuona mwanayo miyezi itatu kapena 6 iliyonse, kuyang'ana shuga, chithokomiro, mutu wopweteka kwambiri kapena kutsimphina kwa m'chiuno. Chovuta ndi mtengo. Mlingo umatsata kulemera kwa mwana, choncho akamakula ndalama zimakweranso, ndipo wogula yekha amataya masauzande a marandi mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Kwa mayi wochapa ndi kusita m'nyumba za eni, khomo ndi limodzi lokha, la chipatala cha boma.

Khomo limeneli lili ndi malamulo ake. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limapereka ufulu wa chithandizo cha zaumoyo kwa munthu aliyense, osati nzika zokha, ndipo gawo 28 limatchula mwana aliyense. Kuyambira mu 1994 amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 6 amayenera kuthandizidwa mwaulere. Zipatala zina za m'chigawo cha Gauteng zitayamba kulipiritsa obwera, bungwe la SECTION27 linakasuma, ndipo mu Epulo 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 athandizidwe mwaulere m'zipatala zonse za boma posayang'ana dziko lochokera kapena mapepala. Mu 2025 a gulu la Operation Dudula anaima pazipata za makiliniki n'kumabweza opanda ziphaso za dzikolo, ndipo mu Novembala chaka chomwecho bwalo lomweli linanena kuti oyenera kufunsa munthu mapepala ndi apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka okha.

Chigamulo cha 2023 ndi chabwino, koma kwa mwana wosowa homoni chili ndi mpata waukulu. Zaka 6 zimene chithandizo chaulere chosafunsa mafunso chimathera ndi zomwezo zimene mwana amayamba sukulu, pamene kufupika kwake kumaonekera poyera. Akapyola pamenepo, ndalama zolipira ku chipatala chachikulu zimayamba kutsata zimene makolo amapeza ndi mapepala amene ali nawo, ndipo kholo la pasipoti yotha masiku limaganiza kawiri lisanakaime pawindo la alembi. Mwana amene msinkhu wake unalembedwa pa zaka ziwiri, zitatu ndi zinayi akhoza kugwidwa ndi kuyezedwa zonse khomo likadali lotsegula. Thabwa loyezera msinkhu ndi cholembera ndi zinthu zotchipa kuposa zonse m'nkhaniyi, koma ndi zimene zimanyozedwa.

Pamene pali kholo lothedwa nzeru, wamalonda sasowa. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali otsatsa mapiritsi ndi ufa wotalikitsa, ndipo m'malo ena onyamulira zitsulo mumayenda timabotolo ta homoni togulitsidwa mwamseri kwa anyamata ofuna minofu. Somatropin ndi puloteni. Ikamezedwa imagayidwa m'mimba monga nyama kapena dzira, choncho piritsi lililonse lonena kuti muli homoniyi ndi lachinyengo. Ya m'timabotolo tamseri, yosadutsa ku bungwe loona za mankhwala la SAHPRA, ikhoza kukhala madzi chabe. Ikakhala yeniyeni, munthu wamkulu siimutalikitsa. Imamutupitsa manja, kumupweteketsa mfundo ndi kumukwezera shuga. Ogula amenewa amalipira ndalama kuti adzipatse nthenda imene ena amavutika nayo osaifuna.

Nthendayo ndi kuchuluka kwa homoni yomweyi, ndipo pafupifupi nthawi zonse imayamba ndi chotupa cha pa pituitary chimene si khansa. Chikamera mafupa asanatsekeke, mwana amatalika mosaleka. Gabriel Estêvão Monjane wa ku Manjacaze, m'chigawo cha Gaza ku Mozambique, amene anabadwa mu 1944 n'kumwalira mu 1990, anafika mamita 2.45 ndipo analembedwa m'buku la Guinness monga munthu wamtali kuposa onse amoyo. M'nthawi ya atsamunda anatengedwa kukaonetsedwa kwa anthu olipira ku Portugal ngati chodabwitsa, pamene iye anali wodwala wofunika dokotala. Chotupacho chikamera munthu atakula kale, msinkhu susintha, koma manja, mapazi, mphuno, lilime ndi chibwano zimakula. Dokotala wa ku France, Pierre Marie, anaitcha acromegaly mu 1886. Imabwera mwakachetechete, mwakuti ambiri amatha zaka zisanu mpaka 10 asanadziwike. Mphete ya ukwati imathina, nsapato za kuntchito zimasinthidwa nambala, mano amatalikirana, thukuta ndi mkonono zimachuluka. A m'nyumba saona kanthu popeza amamuona tsiku ndi tsiku. Amene amadzidzimuka ndi abale a kumudzi tchona likabwera patapita zaka, kapena dokotala akayerekeza nkhope ndi chithunzi cha pa pasipoti yakale.

Ikalekereredwa imabweretsa shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kukula kwa mtima, ndipo chotupa chikapanikiza mitsempha ya maso munthu amaleka kuona za m'mbali. Chithandizo choyamba ndi opaleshoni yodzera m'mphuno, osang'amba mutu. Ngati chotupa sichinachoke chonse, pali mankhwala otsanzira somatostatin, homoni ya muubongo imene mwachibadwa imauza pituitary kuti ileke. Octreotide ndi lanreotide amabayidwa kamodzi pamwezi. Cabergoline ndi piritsi lomwa kamodzi kapena kawiri pasabata, lotchipirapo koma lothandiza ochepa. Pegvisomant imatseka pamene homoni imalowera m'ziwalo. Mu 2023 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika octreotide ndi cabergoline pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse, ngakhale kuti kulembedwa pamndandanda ku Geneva ndi kupezeka pashelefu ya chipatala ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kwa banja la obwera limene lapirira mizere yonse mpaka mwana wayamba kubayidwa, chiyeso chotsiriza chimabwera mu Disembala kapena pakagwa maliro kumudzi. Mitundu yambiri ya somatropin imafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndipo ikaundana kukhala ayezi imawonongeka. Basi yochokera ku Park Station imadzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi kutentha kwa ku Tete isanafike ku Mwanza, ulendo wa masiku awiri, kapena kuposa pamenepo pachipata pakakhala mzere. Mankhwala ayenera kuyenda m'kabokosi kozizira kosalekana ndi mwini wake, osati m'ngolo ya katundu yokokedwa kumbuyo, pamodzi ndi kalata ya dokotala yosonyeza a pachipata, ndipo kumudzi kudziwike kale firiji imene adzasungidwemo. Maganizo omusiya mwanayo kwa agogo chaka chathunthu ayenera kukambidwa ndi dokotala tikiti isanagulidwe, chifukwa jakisoni akaima kukula kumabwerera pa masentimita 3 aja, pamene zaka za mafupa zikupitirira kuwerengeka. Mabuku onse awiri, la Road to Health ndi la kusikelo, ayende m'chikwama chimodzi ndi pasipoti, ndipo masamba a msinkhu ajambulidwe pa foni basi isananyamuke.